Momwe mungatolerere mbale za jazz fusion za ku Ulaya zosadziwika kwambiri

Jazz fusion ndi jazz yosakanikirana ndi rock, ndipo pano tikunena mbale za vinyl. Yambani ndi kampani yojambula, osati dzina la woimba. M'zaka za m'ma 1970 kampani iliyonse inali ndi kamvekedwe kake. MPS ya ku Villingen, Germany, inayamba mu 1968, ndipo ECM ya ku Munich inatsatira mu 1969. Ku Italy, Cramps inatulutsa magulu a Area ndi Arti e Mestieri. Koma ngati thumba lanu ndi laling'ono, yang'anani kum'mawa: Polskie Nagrania Muza ya ku Poland, komwe kuli Laboratorium ndi Extra Ball, kapena Opus ya ku Bratislava yomwe inajambula Fermata. 

Mukapeza mbale pa Discogs, webusaiti yogulitsirana mbale, musafulumire. Pemphani wogulitsa akutumizireni chithunzi cha kamalo kosalala pakati pa nyimbo yomaliza ndi pepala la pakati. Pamenepo pali manambala ozokotedwa, ndipo ndi amene amasiyanitsa mbale yoyambirira ndi yosindikizidwanso pambuyo pake. Afananitseni ndi omwe alembedwa pa tsamba la mbaleyo. Chikuto chokha chimanamiza, poti ena amalowetsa mbale yatsopano m'chikuto chakale. Samalaninso ndi mayina ofanana: Placebo ya Marc Moulin wa ku Belgium si gulu la rock la ku London lija.

Gulani yolembedwa VG+ (yabwino kwambiri) kapena NM (ngati yatsopano), zizindikiro zosonyeza mmene mbale ilili. Nyimbozi zimakhala ndi malo ambiri ofatsa, piyano yamagetsi ikulira yokha, choncho kuthetheka kwa mbale ya VG, yotsikirapo pa VG+, kumamveka kwambiri kuposa pa nyimbo zaphokoso. Mbale za ku Poland zina zimathetheka ngakhale zikuoneka zonyezimira, chifukwa pulasitiki yake sinali yabwino nthawi zonse. Uzani wogulitsa atulutse mbaleyo m'chikuto potumiza, apo ayi idzang'amba m'mphepete mwa chikutocho panjira.

Ikafika, itsukeni musanaike singano. Sakanizani madzi oyeretsedwa a distilled magawo 4 ndi sipiriti ya isopropyl gawo 1, pukutani ndi kansalu kofewa motsata mizere, osanyowetsa pepala la pakati, kenako iume yokha. Madzi a pampopi amasiya tinthu toyera m'mizeremo.

Singano ilemere monga wopanga wanenera. Ya Audio-Technica VM95E imafuna magalamu 2. Ambiri amaipeputsa poganiza kuti akuteteza mbale, chonsecho singano yopepuka imadumphadumpha n'kuperesa makoma a mzere. Mawu akamveka otsika komanso opanda besi, ndiye kuti pakusowa phono preamp, kachipangizo kokweza ndi kukonza mawu ochokera pa singano.

Sungani mbale choimika, osasanjikiza, kutali ndi windo. Dzuwa la Okutobala limapinda mbale m'maola ochepa, ndipo chinyezi cha nthawi ya mvula chimabweretsa chuku pa chikuto. Majumbo okhuthala a PVC atayeni, amasiya chifunga pa mbale chomwe sichichoka. Gwiritsani ntchito a polyethylene.