Msana wouma m'mawa uliwonse, musangoti ndi kutopa

Mng'ono wanga amapalasa kabaza pa Kamuzu Road kuno ku Salima, ndiye atayamba kudandaula msana tonse tinangoti ndi njingayo, apume kaye. Anapuma sabata ziwiri koma ndi pomwe zinanyanya, cha m'ma 3 koloko usiku ululu umamudzutsa, m'mawa kuti avale nsapato amachita kukhala pansi nkukoka mwendo ndi manja. Koma akangoyendayenda pang'ono thupi limamasuka.

Gwirani pamenepo abale anga. Msana wa khasu kapena wokoka khoka ku Senga Bay ukagona umapepuka, koma nyamakazi ya msana yomwe inamugwira mng'ono wangayi, madokotala amati ankylosing spondylitis, ukagona ndi pomwe imalusa. Ndi kutupa kwa mkati, makamaka pomwe msana wakumana ndi mafupa a chiuno, ndiye zaka zikamapita mafupa ena amatha kumatana munthu nkumayenda chowerama. Imakonda kuyamba munthu asanafike zaka 45.

Mukapita kuchipatala musangoti "msana ukuwawa" ayi, mungobwerako ndi panado. Fotokozani kuti papita miyezi yoposa 3, m'mawa mumauma kupitirira mphindi 30, ululu umafika m'matako lero uku mawa uku, ngati chidendene chimawawanso nenani. Adzakujambulani X-ray ndi kuyeza magazi, ndipo vomerani akafuna kuyeza TB ndi HIV chifukwa TB ya msana kwathu kuno iliko ndithu, makamaka ngati mukuonda komanso kutuluka thukuta usiku. Zikavuta amakutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Mankhwala ochizirathu palibe, koma brufen kapena diclofenac amachepetsa kutupa. Chonde imwani momwe adokotala anenera, mutadya, osati ogula pa hokala nkumameza daily, amabweretsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso. Mphini zija mng'ono wanga anatemedwa msana wonse sizinathandize kanthu, ndimamva chisoni ndikaziona.

Chachikulu ndi kusagonera. Tsiku lililonse dziwongoleni, imani chidendene, matako ndi mutu zitagunda khoma, pumani mokoka mpweya kuti nthiti zisaume, gonani pa matilesi olimba ndi pilo wopyapyala. Fodya siyani, amakulitsa matendawa. Kusambira nkwabwino kwambiri bola muzikumbuka likodzo la m'nyanjamu.

Diso likangofiira, kuwawa ndi kudana ndi kuwala, thamangani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo muwauze za msanawo, matendawa amagwiranso maso.