Momwe mungalawire vinyo wakale osamuwononga

M'nyumba zambiri muno mu Mzuzu muli botolo la vinyo lomwe likudikira tsiku lalikulu. Lina anabweretsa m'bale wochokera ku Joni, lina linatsala pa ukwati, ndipo laima m'kabati ya pabalaza pakati pa mbale za alendo zaka 5 kapena 10. Eni ake amakhulupirira kuti chaka chikamatha, vinyoyo akunka nakoma. Kawirikawiri sizikhala choncho. Vinyo wambiri wa m'masitolo amapangidwa kuti amwedwe pasanathe zaka 2 kapena 3, ndipo ndi wochepa chabe amene ukalamba umamuyanja. Wochepayo ndi wosachedwa kuwonongeka, moti kasamalidwe kake tsiku lotsekula kangathe kupulumutsa kapena kutaya zonse zomwe zaka zinamanga.

Yambani ndi chizindikiro cha pabotolo

Chaka cholembedwa pabotolo ndi chaka chomwe mphesa zinakololedwa, osati chomwe botolo linafika m'sitolo. Ku South Africa, komwe kumachokera vinyo wambiri yemwe timamuona kuno, amakolola kuyambira Januwale mpaka Epulo. Botolo lopanda chaka, vinyo wa m'katoni, vinyo wapinki ndi woyera wopepuka, zonsezi si zosunga. Vinyo wa zipatso zakwathu ngati jambula ndi magwafa nayenso amakoma akadali ndi fungo la chipatso chake.

Amene amapirira zaka ndi vinyo wokhala ndi zomuteteza: asidi wokwanira, shuga wambiri, mphamvu ya mowa yokwera, kapena tanini. Tanini amachokera ku makoko ndi njere za mphesa, pang'ono ku migolo ya mtengo wa oak, ndipo ndi amene amaumitsa nkhama ngati mmene amachitira tiyi wopanda mkaka yemwe masamba akhalitsamo. Choncho pa vinyo wofiira yang'anani mayina a mphesa ngati Cabernet Sauvignon, Shiraz kapena Pinotage wa opanga odziwika a ku Stellenbosch, dera la minda ya mphesa ku South Africa. Pinotage ndi mphesa ya ku South Africa komweko, yomwe Abraham Perold anaipeza mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut, ndipo munda wa Kanonkop ndi umodzi mwa yomwe inaonetsa dziko kuti vinyoyu amatha zaka 20 ali bwino. Vinyo wofiira wotchedwa Meerlust Rubicon, yemwe anayamba kupangidwa mu 1980, nayenso amasungika. Kumbali ya woyera kuli Chenin Blanc ndi Riesling abwino. Olimba kuposa onse ndi otsekemera ndi owonjezeredwa mowa: Vin de Constance wa ku Cape Town, Port ndi Madeira a ku Portugal. Madeira amamutenthetsa dala ndi kumuonetsa mpweya popanga, kotero palibenso chomuopsa, ndipo alipo mabotolo opitirira zaka 100 omwe anthu akumwabe.

Zomwe zimachitika m'botolo lotseka

Musanatsekule muyenera kudziwa chomwe mukukakumana nacho, apo ayi mudzataya vinyo wabwino poganiza kuti waola. Mkati mwa botolo muli kampweya kochepa kwambiri, ndipo kena kamalowa pang'onopang'ono podzera m'chotsekera. Kampweya kameneka, pamodzi ndi asidi ndi mowa, kamasintha zonse mwakachetechete.

Mu vinyo wofiira, tanini amagwirana ndi tinthu topereka mtundu, n'kupanga timibulu tomwe pamapeto pake timalemera n'kugwa pansi ngati nsenga. N'chifukwa chake vinyo wofiira akamakula amayezuka. Amayamba ali wofiira moderako ngati jambula, kenaka kufiira kumawala, pomaliza m'mphepete mumaoneka mtundu wa njerwa yootcha. Kuuma kwa m'kamwa kuja kumachepa, vinyo n'kumatsika mofewa. Woyera amayenda njira yosiyana: amayamba ali mbee, n'kusanduka wagolide, kenaka wa mtundu wa uchi.

Fungo ndiye limasintha kwambiri. La zipatso zongothyola kumene limazilala, m'malo mwake mumabwera la zipatso zouma, la chikopa, la fodya wa m'chigafa, la bowa ndi masamba onyowa a m'nkhalango. Amene anayendako m'nkhalango ya Kaning'ina mvula itangokata akulidziwa fungo limeneli. Mu woyera mumabwera uchi, mtedza wokazinga ndi buledi wowamba. Riesling wakale amanunkhira ngati palafini, ndipo okonda vinyoyu amalifunafuna fungo limenelo. Asidi sachoka, koma zipatso zikatha amaonekera poyera, n'chifukwa chake vinyo wopitirira msinkhu amangowawasa basi.

Chomwe chimalamula liwiro la zonsezi ndi kutentha. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, kusinthaku kumathamanga pafupifupi kawiri, ndipo sikuti vinyo amangopsa msanga, amapsa moipa. Mu 2010 anthu osambira pansi pa nyanja ya Baltic, pafupi ndi zilumba za Åland ku Finland, anapeza mabotolo 168 a champagne, vinyo wathovu wa ku France, m'chombo chomwe chinamira zaka pafupifupi 170 m'mbuyomo, ena mwa iwo a kampani ya Veuve Clicquot. Ambiri anali omweka ndithu, chifukwa anagona mumdima, m'madzi ozizira, popanda chowagwedeza. Yerekezani ndi botolo lomwe ladutsa pa Beitbridge ndi ku Tete m'chikwama cha pansi pa basi mu Okutobala, n'kudzaima m'nyumba yamalata yopanda siling'i ku Chibavi.

Liyang'aneni botolo musanaligwedeze

Lionetseni ku kuwala muone pomwe vinyo walekezera. Ngati akadali m'khosi mwa botolo kapena pomwe khosi layambira, zili bwino kwa vinyo wa zaka 10 mpaka 20. Akatsika kufika pakati pa phewa la botolo, ndiye kuti wina anatuluka ndipo mpweya wambiri unalowa. Onaninso ngati chotsekera chatukuka pamwamba, kapena ngati pali mizere yomata yotsika kuchokera kukamwa. Zimenezo ndi zizindikiro zakuti botolo linatenthedwa. Nkhungu ya pamwamba pa chotsekera isakuopseni, kuno kwachinyontho imamera, ingopukutani.

Mukatero liimikeni chilili pamalo ozizira tsiku limodzi kapena masiku 2 kuti nsenga zikhazikike pansi. Anthu ambiri amadumpha zimenezi chifukwa alendo afika kale, koma nsenga zikasakanikirana ndi vinyo zimamuchititsa kuoneka wavundu ndi kuwawa. Wofiira amafuna kuzizira kwa madigiri 16 mpaka 18. Mu Juni ndi Julayi nyengo ya Mzuzu imakuchitirani yokha ntchito imeneyi. Mu Okutobala ndi Novembala liikeni botolo chilili mufiriji mphindi 20, kapena m'ndowa ya madzi ozizira ngati magetsi azima. Woyera wakale musamuziziritse kwambiri, madigiri 10 mpaka 12 akwana, chifukwa kuzizira kumatseka fungo.

Kutsekula

Ngati chotsekera ndi chachitsulo chopotokola, mwapulumuka. Vuto lili pa chija cha khungwa la mtengo, chomwe amati cork. Chikapitirira zaka 15 chimafewa kapena kuuma, n'kumanyenyeka. Dulani chokutira chonse cha pakhosi kuti muziona bwino, pukutani kukamwa, lowetsani chotsekulira chozungulira pakati penipeni mpaka chibowole kutalika konse, ndipo kokani molunjika, pang'onopang'ono kwambiri. Pali chotsekulira china cha timano tiwiri tachitsulo tomwe timalowa m'mbali, pakati pa chotsekera ndi galasi. Chimenecho ndicho choyenera mabotolo akale, ndipo ngati muli ndi wachibale ku South Africa m'tumeni. Chotsekera chikaduka, lowetsaninso chotsekulira mopendeka pa chidutswa chotsalacho. Chikakanika, chikankhireni mkati n'kusefa vinyo ndi sefa ya tiyi yoyera bwino. Chotsekera chonyenyeka sichitanthauza kuti vinyo wafa.

Kukhuthula kapena ayi

Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa chifukwa anamva kuti vinyo amafunika kupuma. Zimenezo n'zoona kwa vinyo wamng'ono wa tanini wambiri. Wakale akakumana ndi mpweya wochuluka angathe kuzilala pasanathe theka la ola. Choncho thirani kaye pang'ono m'tambula mulawe. Ngati akununkhira kale, chotsala n'kumulekanitsa ndi nsenga basi. Tengani jagi yagalasi yopanda fungo la sopo, yatsani tochi ya foni pansi pa khosi la botolo, ndipo thirani kamodzi kokha mosalekeza, osabweza botolo m'mbuyo. Mukaona mzere wakuda ukufika pakhosi, imani. Masupuni angapo otsalawo asiyeni. Vinyo wopitirira zaka 25 ine ndimakonda kumuthira molunjika m'matambula, onse nthawi imodzi, osadzera m'jagi.

Kulawa kwenikweni

Botolo la mamililita 750 limakwanira anthu 6 mpaka 8 pa kulawa, aliyense pang'ono. Oitanidwa akhale akuluakulu, ndipo woyendetsa galimoto alawe n'kulavula. Pezani matambula opyapyala okhala ndi mwendo ndi kukamwa kopanikiza, muthire gawo limodzi mwa magawo atatu. Patebulo pasakhale mafuta onunkhira, utsi wa mbaula, tsabola wa kambuzi kapena khofi. Khofi wathu wa Mzuzu adikire mpaka pomaliza, chifukwa amaphimba lilime.

Njira yophunzirira msanga, yomwe ndimailimbikitsa kuposa zonse, ndi kugula botolo latsopano la mtundu womwewo wa mphesa, makamaka la wopanga yemweyo, n'kuwaika pamodzi. Munthu amene sanalawepo vinyo wakale sangadziwe chomwe chasintha ngati palibe poyerekezera. Yambani ndi wakale, poti wamng'ono ndi waphokoso ndipo akatsogola mnzake samvekanso.

Pendeketsani tambula pamwamba pa pepala loyera muone m'mphepete. Mtundu wa njerwa ndi chizindikiro cha msinkhu, koma ngati tambula yonse ili yabulauni ndi yosawala, konzekerani kukhumudwa. Nunkhizani kaye musanazunguze. Nthawi zina fungo loyamba limakhala la m'chipinda chotsekedwa, ndipo limachoka pakatha mphindi 5 kapena 10, choncho musaweruze msanga. Zunguzani pang'ono, nunkhizaninso. Kenaka imwani pang'ono, muyendetse vinyo m'kamwa monse, mufunse zinthu zitatu: kodi chipatso chikumvekabe ngakhale chouma, kodi tanini wafewa kapena wangotsala yekha, nanga kukoma kukukhala nthawi yaitali bwanji mutameza? Funso lomalizali ndi lomwe limasiyanitsa vinyo wokhwima ndi wotopa. Wokhwima amakhalabe pakhosi masekondi 20 kapena 30, wotopa amazimiririka pomwepo n'kusiya kuwawasa.

Bwererani ku tambula yanu pakatha mphindi 10 zilizonse. Vinyo wakale amasintha muli pomwepo: amatseguka, amafika pachimake, kenaka amatsika. Lembani zomwe mukumva m'mawu anuanu. Wina akati akumva masuku ouma, wina akuti bowa, onse akhoza kukhala olondola. Chakudya chikhale chosaphimba: nyama yang'ombe yowotcha yothira mchere wokha, bowa wokazinga, tchizi kapena buledi.

Kusiyanitsa ukalamba ndi kuwonongeka

Fungo la katoni yonyowa lomwe silichoka limachokera ku mankhwala otchedwa TCA omwe nthawi zina amakhala m'chotsekera. Vuto limeneli silikhudzana ndi zaka, limapezeka ngakhale m'botolo la chaka chatha, ndipo silichiritsika. Fungo la viniga kapena la mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo limasonyeza kuti tizilombo tosandutsa mowa kukhala viniga tagwira ntchito. La apulo wodulidwa dzulo, pamodzi ndi mtundu wabulauni, ndi mpweya wochuluka. La jamu wopserera ndi kutentha. Vinyo wotere sadwalitsa munthu, kungoti palibe chokoma chomwe chatsala. Ndipo kunena chilungamo, si aliyense amene amakonda vinyo wakale ngakhale atasungidwa bwino. Pali anthu omwe akalawa awiriwo amasankha wamng'ono chifukwa cha zipatso zake, ndipo sanalakwe.

Ngati mukufuna kusunga anu

Mzuzu ali pamtunda wa mamita opitirira 1,200, choncho tili ndi mwayi kuposa anzathu a ku Nkhata Bay ndi Karonga. Komabe madigiri 12 mpaka 14 omwe vinyo amafuna sitiwafikira chaka chonse. Chomwe mungathe ndi kupewa kusinthasintha. Sankhani chipinda chapakati pa nyumba, kutali ndi khitchini ndi khoma lowombedwa ndi dzuwa lamadzulo, ndipo ikani mabotolo pansi penipeni pa simenti, m'katoni yawo kapena m'bokosi losungira zozizira lopanda ayisi. Okhala ndi cork agone cham'mbali kuti chotsekera chisaume. Chinyontho cha kuno n'chabwino kwa chotsekera koma chimadya mapepala, ndiye lembani dzina ndi chaka pakatoni. Firiji ya kukhitchini ndi ya masabata ochepa, osati zaka, chifukwa imaumitsa chotsekera ndi kunjenjemera.

Pogula, pewani botolo lomwe lakhala pawindo la sitolo kapena pansi pa babu lotentha, ndipo sankhani la chaka chaposachedwa kuti zaka zake zambiri likathere m'manja mwanu. Ngati thumba likulola, gulani mabotolo 3 ofanana: limodzi mutsekule chaka chino, lina pakatha zaka 3, lomaliza pakatha zaka 6, mukuyerekeza ndi zomwe munalemba. M'nyumba yopanda chipinda chozizira sindingalangize kudikira kupitirira zaka 6 mpaka 8, pokhapokha akhale Port kapena Madeira. Botolo lachiwiri likamveka kuti zipatso zayamba kuthawa, lachitatu litsekuleni mwezi womwewo.