Mmene mungatetezere mtima usanakudzidzimutseni

Abale, matenda a mtima si a mabwana okhaokha ayi. Chimachitika nchakuti mafuta amaunjikana m'mitsempha yodyetsa mtima, njira nkumachepa pang'onopang'ono, tsiku lina magazi aundana pamenepo basi njira yatsekeka munthu wagwa, achibale nkumati amulodza.

Choyamba kayezetseni BP, kuchipatala sizitenga ndi mphindi zisanu zomwe. Ikamapezeka 140/90 kapena kuposa mobwerezabwereza ndiye kuti yakwera, ndipo kuipa kwake nthawi zambiri siipweteka, mumangoyenda bwinobwino. Akakupatsani mankhwala musasiye poti mwayamba kupeza bwino. Shuga nayenso muyezetse.

Pa mchere ndiye ambirife timalakwitsa. A WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, amati usafike magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, koma taonani ife, mu ndiwo tathira kale, patebulo tiwonjezera tisanalawe nkomwe, pachiwaya tchipisi tawazanso wina wosakaniza ndi tsabola, kanyenya chimodzimodzi. Chotsani kambale ka mchere patebulo, pakapita masabata angapo lilime lizolowera. Za pachiwaya zokazingidwa m'mafuta akuda bii aja chepetsani, ndikudziwa zimakoma koma ayi ndithu. Nyemba, usipa, bonongwe, nkhwani wotendera, izi ndiye zanu.

Fodya siyani, apa palibe zokambirana. Mowa chepetsani. Muziyenda mwandawala mphindi 30 masiku asanu pa sabata, osati kabaza ngakhale popita pa msika pompa.

Pachifuwa pakamafinya ngati akusanjikani chimwala, ululu nkumatsikira ku mkono kapena kukwera ku nsagwada, thukuta lili kamukamu, musadikire kuti kuche, pezani galimoto muthamangire kuchipatala pompopompo.