Momwe mungasankhire kutentha kwa madzi a cichlid za haibulidi mu thanki

Nsomba ya haibulidi, yobadwa pokweranitsa mitundu yosiyana, ilibe nyanja yakwawo, ndiye kuti mudziwe madzi oiyenera, yang'anani makolo ake. Musanagule hita, chotenthetsera madzi, funsani wogulitsa nsomba kuti nsombayo idachokera ku mitundu iti. Akangoti "ndi cichlid basi, bwana", lomwe ndi dzina la banja lonse la chambo ndi mbuna, dziwani kuti nayenso adangopikula, ndipo zina zomwe akuuzeni muzimvere khutu limodzi.

Zotchuka ndi zitatu. OB peacock, ya mawangamawanga ija, magazi ake ndi a m'Nyanja ya Malawi yomweyi, pakuti idabadwa pokweranitsa Aulonocara, nsomba zomwe oweta amazitcha peacock, ndi mbuna, ngakhale izi zidachitikira m'mathanki. Madzi a pamwamba m'nyanja yathu amakhala pakati pa madigiri 24 ndi 29 malinga ndi nyengo, choncho imeneyi iikeni pa 25 kapena 26. Flowerhorn, ya chotupa pachipumi, adaipanga oweta nsomba a ku Malaysia, Thailand ndi Taiwan m'zaka za m'ma 1990 kuchokera ku nsomba za ku Central America. Iyo imafuna kofundirapo, 27 mpaka 29. Blood parrot, yomwe idayambira ku Taiwan m'zaka za m'ma 1980, imakhala bwino pa 26 kapena 27. Mukasankha nambala, khalani pomwepo. Kukwera ndi kutsika kwa tsiku ndi tsiku kumadwalitsa nsomba kuposa kuphonya ndi digiri imodzi.

Kenako hita. Werengerani watt imodzi pa lita iliyonse, ndiye thanki ya malita 200 ifuna hita ya mawatt 200. Ngati muli ku Dedza kapena ku Mzuzu, komwe Juni ndi Julayi sachita masewera, onjezerani pang'ono. Iikeni chopendekera pafupi ndi pomwe fyuluta, sefa ya madzi, imalavulira madzi kuti kutentha kuzungulire thanki yonse, ndipo ikhale m'madzimo mphindi 20 musanayatse.

Tsono pomwe ndikufuna mumvetsetse ndi pa kuyeza. Nambala yolembedwa pa hita si kutentha kwa madzi, ndi lonjezo chabe la amene adaipanga. Yanga ina, yotchipa, yopanda dzina pa katoni, ndidaitchera pa 26 ndipo masabata oyamba inkayenda bwino. Kenako kachitsulo kozimitsa m'kati mwake kadakanirira, hita osazimanso. M'mawa ndidapeza ma peacock onse ali pamwamba, akuyasamulayasamula pakona pomwe pamatuluka thovu la pampu ya mpweya, mtundu utafwifwa. Kapepala koyezera kutentha komata pagalasi, kosintha mitundu, kankaonetsa ngati zonse zili bwino, chifukwa kali kunja ndipo kamamva mphepo ya m'nyumba. Nditapisa dzanja, madzi anali ngati osambitsira khanda. Themomita yagalasi yomiza idawerenga 33. Madzi akatentha choncho mpweya umachepamo, pamene nsomba nayo ikufuna wochuluka, n'chifukwa chake zazikuluzikulu ndi zomwe zimayamba kufa.

Choncho gulani themomita yomiza m'madzi, yagalasi kapena ya batire, ndipo muiike kutali ndi hita, mbali inayo. Mtengo wake sufika n'komwe pa wa flowerhorn imodzi. Hita yatsopano iyesereni kaye mu ndowa ya madzi tsiku lathunthu, muone ngati kanyali kake kakuyaka n'kumazima. Wogulitsa akakana kuti mudzabweze ikavuta, isiyeni pa shelefu pomwepo. Ine masiku ano ndimaika ziwiri zazing'ono m'malo mwa imodzi yaikulu: ina ikakanirira siingaphike thanki yonse yokha, ina ikafa inzake imagwirizira. Muziwerenga themomita m'bandakucha komanso cha m'ma 3 koloko masana, chifukwa ndi nthawi zomwe madzi amazizira ndi kutentha kwambiri.

Zotsalazi n'zachidule. Posintha madzi zimitsani hita, ikakhala pamtunda ili yoyaka imasweka. Madzi atsopano afanane ndi a mu thanki. A pampopi a m'mawa wa Julayi mukangowakhuthulira, pakapita masiku ochepa muona timadontho toyera ta matenda pa zipsepse za nsomba. Nsomba yatsopano iyandame m'jumbo lake mphindi 20 musanaitulutse. Magetsi akazima m'nyengo yozizira, fundikani thanki bulangete ndipo nsomba musazidyetse. Mu Okutobala vuto ndi kutentha: chotsani chivindikiro, lozetsani fani pamwamba pa madzi, pampu ya mpweya isazime, ndipo zikafika poipa yandamitsani botolo la madzi oundana lotseka bwino. Nsomba zikaswana n'kukuchulukirani, patsani anzanu a mathanki, osakazitaya kunyanja kapena mumtsinje, chifukwa OB peacock ikhoza kukwerana ndi nsomba zachilengedwe.