Poyambira Ngati Mawu Amakutherani Popemphera

Tsiku loyamba kundipempha kuti nditseke mapemphero a kumlaga, mawu anandithera. Ndinangoti "Atate, Atate" kangapo, mpaka amayi ena kumbuyo anandiombola ndi "Ameni" wamphamvu. Manyazi a tsiku limenelo ndi amene anandiyambitsa kuphunzira pandekha.

Sankhani nthawi imodzi. Ine ndi m'mamawa ndisanakoleze mbaula, foni ili kutali, chifukwa WhatsApp ikangolira basi maganizo athawa. Pa Mateyu 6:6 Yesu akuti tilowe m'chipinda n'kutseka chitseko. Ngati mumagona anayi m'chipinda chimodzi, pakhonde pomwepo pakwanira.

Mukasowa poyambira, tengani Pemphero la Ambuye, pa Mateyu 6:9-13. Musalithamangitse ngati ndakatulo ya kusukulu. Imani pa chiganizo chilichonse n'kuikapo zanu. Mukafika pa chakudya chalero, tchulani ufa womwe watsala pang'ono m'thumba, fizi ya mwana, lendi ya mwezi uno. Pa za kukhululuka, tchulani dzina lenileni la munthu amene munayambana naye. Apa m'pomwe pamandivuta ine, moti masiku ena ndimachedwapo kuposa pena paliponse, mtima ukukana.

Musaiwale kuthokoza, ngakhale pa tulo tokha. Zogwada kapena kuimirira zisakuvutitseni mutu. Agogo anga mawondo atayamba kuwawa ankapemphera atakhala pamphasa, miyendo atatambasula.

Mawu akakaniratu, werengani Salimo 23 kapena 51 motulutsa mawu pang'ono. Mphindi 5 n'zokwanira poyamba. Mukati Ameni, khalani kaye chete pang'ono musanadzuke kukateleka madzi osamba.