Pogula oyilo wa injini, tembenuzani chigubu kaye

Anzanga a magalimoto kuno ku Mangochi, mukapeza zigubu ziwiri za oyilo wa synthetic, china chodula kwambiri, musathamangire dzina lotchuka. Werengani kaye kumbuyo kwake.

Yambani ndi manambala osonyeza kukhuthala kwa oyilo, monga 5W-30 kapena 5W-40. Afanane ndi omwe ali m'buku la galimoto yanu. Magalimoto ena adawalembanso pachotsekera cha pothirira oyilo. Kenako funani zilembo za API, zosonyeza muyezo womwe oyiloyo adakwaniritsa. Pa injini ya petulo, SP ndi muyezo wa 2020 ndipo umagwira pomwe pafunika muyezo wakale wa SN. Za dizilo zimayamba ndi C, monga CI-4 kapena CK-4. Zonsezi zikafanana, ine ndimatenga wotchipayo mtima uli m'malo, chifukwa onse adakwaniritsa muyezo umodzi. Chivundikiro chokha chikhale chosatsegulidwapo. Wopungulira m'mabotolo a madzi uja ayi ndithu, simungadziwe zomwe zilimo.

Achimwene a kabaza, inu funani polembedwa JASO MA kapena MA2, womwe ndi muyezo wa oyilo wa njinga zamoto. Oyilo wa galimoto amatha kutereretsa clutch ya njinga yamoto.

Ndalama yotsalayo muguliretu fyuluta ya oyilo ndi ya mpweya, poti fumbi la kuno m'chilimwe limatha injini msanga.