Kasungidwe ka malaibulale a anthu ena mu Git

Pulogalamu iliyonse masiku ano imatsamira pa khodi ya anthu ena. Mukaika laibulale imodzi ya open-source (khodi yolembedwa kale imene eni ake amalola aliyense kuigwiritsa ntchito), iyo imakoka ina, inayo n'kukokanso ena, mpaka foda ya node_modules, yosungira malaibulale a JavaScript, kudzaza ndi zinthu zimene simunasankhe nokha. Ndiye dzifunseni: mnzanu akatenga repository yanu (malo osungira khodi ndi mbiri ya kusintha kwake mu Git) chaka chamawa n'kuimanga pa kompyuta yake, kodi adzapeza khodi yomwe ija munaiyesa inu?

Yambani ndi lock file, fayilo yokhoma ma version a malaibulale anu. Mukalemba ^1.2.3 mu package.json (fayilo yotchula malaibulale amene mukufuna), mwalola npm, chida choikira malaibulale a JavaScript, kutenga version iliyonse yatsopano yosafika 2.0.0, choncho anthu awiri akhoza kumanga pulogalamu imodzi koma zotuluka n'kusiyana. Fayilo ya package-lock.json, yomwe ndi lock file ya npm, imalemba version yeniyeni ya laibulale iliyonse, ngakhale ija yongokokedwa ndi inzake, pamodzi ndi hash yotsimikiza kuti sinasinthidwe panjira. Fayilo imeneyi iyenera kulowa mu Git, chimodzimodzi ma lock file a zilankhulo zina monga Cargo.lock, Gemfile.lock, composer.lock kapena poetry.lock. Foda ya node_modules yokha ilembeni mu .gitignore kuti isalowe mu Git. Pa seva gwiritsani ntchito npm ci, chifukwa imakana kupitiriza ngati package.json ndi package-lock.json sizikugwirizana.

Koma lock file siithandiza laibulale ikachotsedwa kumene imasungidwa. Mu March 2016, mwini wake wa left-pad, kakhodi ka mizere 11 kokha, anakachotsa pa npm, ndipo mapulojekiti ambiri, kuphatikizapo Babel (chida chodziwika cha JavaScript), analephera kumangika. Ngati ntchito yanu singapirire zoterezi, koperani khodiyo mu foda ya vendor n'kuisunga mu repository. Ogwiritsa ntchito chilankhulo cha Go ali ndi lamulo la go mod vendor lochitira zimenezi.

Apa m'pamene ambiri amaphonya, ndipo ndikuchondererani musamale. Khodi ya eni ake ilowe mu commit yakeyake (commit ndi gulu la zosintha losungidwa pamodzi mu Git), isanakhudzidwe ngakhale mzere umodzi, ndipo mulembe kumene mwaitenga ndi version yake. Mukafuna kukonza kanthu, chitani mu commit ina kapena mu fayilo ya patch. Mukasakaniza, tsiku lodzatenga version yatsopano simudzadziwa kuti zanu ndi ziti, za eni ake ndi ziti, ndipo zokonza zanu zidzafufutika osazindikira. Fayilo ya LICENSE isatsale: laisensi ya MIT imafuna kuti mawu a umwini akhalepobe, pamene GPL imafuna kuti mukagawira ena pulogalamu yanu muwapatsenso khodi yake pa laisensi yomweyo.

Nanga git submodule? Imeneyi ndi njira yolumikiza repository ya ena mkati mwa yanu, ndipo imangosunga adiresi yake ndi commit imene mwasankha, osati khodi yeniyeniyo. Wotenga repository akaiwala --recurse-submodules amapeza foda yopanda kanthu, ndipo eni ake akafufuta repository yawo, nanunso mwagwa nayo.

Kukhoma version sikutanthauza kuisiya choncho mpaka kalekale. Vuto la Log4Shell, bowo la chitetezo mu laibulale ya Java yotchedwa Log4j, litadziwika mu December 2021, funso loyamba kwa aliyense linali lakuti kodi Log4j ili pati m'pulogalamu yathu, ndipo mndandanda wolondola ndi umene umayankha msanga. Komanso musathamangire chatsopano chilichonse: version 5.6.0 ndi 5.6.1 za xz Utils, pulogalamu yopanikiza mafayilo, zinapezeka mu March 2024 zili ndi khomo lachinsinsi loikidwa dala. Sinthani laibulale imodzi pa nthawi, werengani changelog (mndandanda wa zosintha), yendetsani mayeso, ndipo musanavomereze pull request (pempho loti zosintha zilowe mu khodi yanu) yang'anani mu diff (mizere yosinthidwa) ya lock file ngati mwalowa dzina lachilendo.